Maphunziro a mbiri ya mpingo a Loweruka ku Area 25: pitani, koma dziwiranitu izi

Ku Area 25, ku Lilongwe, kuli maphunziro a mbiri ya mpingo amene amachitika Loweruka lililonse masana, m'holo ya tchalitchi china cha kufupi ndi msika wa Nsungwi. Amaphunzitsa ndi abusa ena opuma, achikulire ndithu, amene anagwirapo ntchito m'mipingo ya ku Dowa ndi ku Ntchisi asanabwere kudzakhala ndi ana awo m'tauni muno. Ine ndamaliza nawo gawo loyamba, la miyezi itatu, ndipo amayi anzanga a Chigwirizano akhala akundifunsa ngati n'koyenera kupereka masana a Loweruka, nthawi imene timachapa ndi kusita za Lamulungu. Yankho langa ndi lakuti pitani. Zolakwika zilipo ndipo ndizitchula, koma sizikufika pondiletsa kubwereranso gawo lachiwiri likatsegulidwa.

Malipiro ake ndi K3,000 pa Loweruka, ndipo m'menemo muli mapepala a fotokope a phunziro la tsikulo ndi kapu ya tiyi pa nthawi yopuma. Safunsa kuti mumapemphera kuti. M'gulu lathu munali ife a CCAP, Akatolika angapo a ku Area 49, bambo wina wa Anglican, atsikana awiri a mpingo wa Pentekosite ndi agogo ena a Seventh Day amene ankafika mochedwa chifukwa amayamba aweruka kaye ku Sabata. Kusakanikirana kumeneku ndi chimodzi mwa zinthu zimene zinapatsa maphunzirowa mchere wake.

Tsiku loyamba abusa sanagawe mapepala. Anaima pa bolodi n'kufunsa kuti, "Ndani angandiuze amene anayambitsa mpingo wa a Mormon?" Manja anakwera pafupifupi holo yonse. Joseph Smith. Mnyamata wina wa kwaya anawonjezera kuti munthuyo ankati mngelo wotchedwa Moroni anamusonyeza mbale zagolide zokwiriridwa pa phiri lina m'chigawo cha New York. Mayi wina anatchula za mitala ndi Brigham Young. Wina anati anthu akuda sankaloledwa unsembe mu mpingowo mpaka 1978, ndipo chakacho anachitchula mosaphonya. Abusa ankangolemba. Bolodi litadzaza anatembenuka n'kunena kuti, "Mwakhoza, ana anga. Tsono inu a Nkhoma, amishoni anu anafika liti, ndipo anayambira pamudzi pa mfumu iti? Inu Akatolika, pa Likuni pomwepa ansembe anafika chaka chanji?" M'holo munangoti zii. Bambo wa Anglican uja ndiye anayesako, anatchula Likoma, koma za Magomero anali asanamvepo.

Palibe amene anaseka. Ambiri mwa ife ndife aphunzitsi a Sande sukulu, akulu a mpingo, atsogoleri a milaga, ndipo tonse tinaona kuti nkhani ya mpingo wa ku America, umene mwina sitinalowemo n'kamodzi komwe, timaidziwa kuposa ya mpingo umene unatibatiza.

Funso lakuti izi zimatheka bwanji ndi limene abusa anamangirapo gawo lonse, ndipo inenso ndi limene landikhala m'mutu. Choyamba n'chakuti mbiri ya a Mormon ndi yaifupi ndipo ndi yogwirika. Ili ndi munthu mmodzi pachiyambi, wobadwa mu 1805, amene ananena kuti anaona masomphenya ali mnyamata mu 1820. Buku la Mormon linasindikizidwa ku Palmyra mu 1830, ndipo mpingo unakhazikitsidwa pa 6 April chaka chomwecho. Anthu ake anasamuka kuchoka ku New York kupita ku Ohio, ku Missouri, kenako ku Nauvoo m'chigawo cha Illinois. Joseph Smith anaphedwa ndi gulu la anthu ali m'ndende ku Carthage, ku Illinois komweko, mu 1844, ndipo Brigham Young anatsogolera otsalawo mpaka kukafika ku chigwa cha Salt Lake mu 1847. Mpingowo unaletsa mitala mu 1890. Zonsezi sizinakwane ndi zaka 200 zomwe, ndipo munthu angathe kuzifotokoza ali pa minibasi kuchokera ku Nsungwi asanafike ku depoti. Yathu ndi ya zaka pafupifupi 2,000, yodutsa ku Yerusalemu, ku Alexandria, ku Rome, ku Geneva, ku Scotland ndi ku Cape tisanaione pa Mvera. Palibe amene angaimalize pa geti.

Nditchule geti chifukwa ndi pamene ambiri tinaimvera koyamba. Anyamata a Mormon aja oyenda awiriawiri, ovala malaya oyera ndi tayi, dzina pachifuwa, akafika pakhomo amayamba ndi mbiri. Sangachitire mwina, pakuti chikhulupiriro chawo chonse chaima pa mawu akuti mpingo woona unatayika atumwi atafa ndipo unabwezeretsedwa kudzera mwa Joseph Smith. Mnyamata wa zaka 19 amapereka zaka ziwiri za moyo wake akufotokoza nkhani imeneyi tsiku ndi tsiku mpaka imalowa m'magazi. Ife ku kalasi tinaloweza mayankho a katekisimu, zimene ndi zabwino, koma palibe amene anatiuza kuti katekisimuyo anachokera kuti. Ndinamva kwa abusa awa kuti ziphunzitso zimene a Nkhoma timaloweza zili ndi mizu ku Heidelberg, ku Germany, m'chaka cha 1563, ndipo zinafika kuno kudzera ku Holland ndi ku South Africa.

Chifukwa china ndi chimene chinandipweteka kwambiri. Mbiri ya a Mormon sitinaiphunzire chifukwa choikonda. Tinaiphunzira ngati chida. Pa misonkhano ya achinyamata pamakhala phunziro la "mipingo yosocheretsa", m'magulu a WhatsApp mumayenda mavidiyo a pa YouTube ndi TikTok, ambiri opangidwa ku America ndi anthu amene ali pa mkangano wawo ndi anansi awo, ndipo ife timameza zonse kuti tsiku lina tidzagonjetse mlendo pakhomo. N'chifukwa chake timadziwa 1890 ndi 1978, zaka zochititsa anzathu manyazi, osati zina. Akulu anati anyani amasekana zikundu. Abusa anatiletsa kunyoza kuyambira tsiku loyamba lomwelo. Anati eni akewo amafuna kutchulidwa ndi dzina lonse, Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, ndipo munthu ungatsutsane naye pa chiphunzitso popanda kumuchotsera ulemu. Iwo sagwirizana nawo pa zambiri, ndipo ananena poyera. Koma anati Mkhristu amene akudziwa zofooka za mnzake yekha alibe poimira akafunsidwa za kwawo.

Phunziro limene ndinaona kuti ndalama yanga yagwira ntchito ndi la Nicaea. Ife timafulumira kunena kuti a Mormon salondola pa za Utatu Woyera, popeza amaphunzitsa kuti Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ndi atatu osiyana, ogwirizana pa cholinga. Nanga ife chiphunzitso chathu chinakhazikika liti, ndipo anachimenyera nkhondo ndani? Abusa anakhoma mapu pa bolodi n'kuloza Egypt. Mkanganowo unabuka ku Alexandria, mu Africa muno, pamene wansembe wina dzina lake Arius ankaphunzitsa kuti Mwana analengedwa, kuti inalipo nthawi imene kunalibe Mwana. Mfumu Constantine anaitanitsa mabishopu ku Nicaea mu 325, ndipo mabishopuwo anagamula kuti Mwana ndi Mulungu weniweni, wofanana ndi Atate. Athanasius, wa ku Alexandria komweko, anakhala moyo wake wonse akuteteza chigamulocho, ndipo anathamangitsidwa pa mpando wake wa ubishopu kasanu. Akatolika a m'gulu lathu anazindikira kuti mawu amene amanena pa Misa Lamulungu lililonse anachokera pa mkangano umenewu. Mayi wina wa ku Area 49 anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Abusa, ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikumuyankha Arius osadziwa?"

Chimodzimodzi pa nkhani ya Baibulo. Timati anzathuwo anawonjezera buku lina pa Mawu a Mulungu, ndipo timatsegula Chivumbulutso 22 kuwawerengera. Koma titafunsidwa kuti mabuku 27 a Chipangano Chatsopano anawasonkhanitsa bwanji, tinasowa chonena. Mndandanda wakale kwambiri umene uli ndi mabuku 27 omwewa, osaonjezera kapena kuchotsa, uli m'kalata ya Athanasius yemwe uja ya chaka cha 367, ndipo msonkhano wa ku Carthage, kumene lero ndi Tunisia, unavomereza mu 397. Tsiku limenelo agogo a Seventh Day ndi Akatolika anaika Mabaibulo awo pa benchi limodzi n'kuwerenga mabuku: lina 66, lina 73. Abusa anafotokoza mwachifatse kumene kusiyanako kunachokera, popanda kukweza wina kapena kutsitsa wina, ndipo palibe amene anatuluka atakwiya. Anatiuzanso za Perpetua ndi Felicity, amayi awiri amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro chawo m'bwalo la masewero ku Carthage mu 203, mmodzi ali ndi mwana woyamwa, wina atangobereka kumene. Za Augustine wa ku Hippo, ku Algeria wa lero. Za Ethiopia, kumene mfumu Ezana inalandira Chikhristu zaka za m'ma 300, Scotland isanakhale dziko la Akhristu. Aliyense amene anavutikapo ndi mawu akuti Chikhristu ndi chipembedzo cha azungu ayenera kukhalapo pa Loweruka limeneli.

Za ku Ulaya anadutsamo mothamanga: kugawanika kwa 1054, Martin Luther mu 1517, John Calvin, John Knox. Ine sindinadandaule, ngakhale Akatolika anaona kuti mbali yawo ya nkhani ya Luther inachepa, ndipo ndikuganiza kuti ali ndi mfundo.

Pamene abusa amawala ndi pa mbiri ya kuno kwathu. Apa sayang'ananso pepala. Anayamba ndi David Livingstone kufika pa nyanja mu 1859, kenako a Anglican a mishoni ya UMCA pa Magomero mu 1861, ndi imfa ya Bishopu Mackenzie ndi malungo chaka chotsatira. A Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, Robert Laws ali m'gulumo, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 ndi ku Khondowe mu 1894. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876. Yathu ya Nkhoma inayambira pa Mvera mu 1889, m'dziko la mfumu Chiwere, ndi abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok. Pa Nkhoma penipenipo anafika mu 1896, kwa Mazengera, kumene anthu ankakhala m'phiri poopa nkhondo. CCAP inapangidwa mu 1924 ndi a Livingstonia ndi a Blantyre, ndipo a Nkhoma analowa mu 1926. Kwathu ndi ku Dowa, ndipo agogo anga aakazi ankayenda wapansi kupita ku Mgonero pa Mvera. Kumva zaka zimenezi kunandithandiza kuwaika agogowo pamalo pawo m'nkhaniyi, kuti iwo anali m'badwo wa ana a anthu oyamba kubatizidwa kumeneko. Buku Lopatulika limene ankalisunga m'nsalu linatuluka lathunthu mu 1922, William Murray akutsogolera ntchito yomasulira pamodzi ndi aphunzitsi a kuno.

Akatolika anamva kuti ansembe a White Fathers anayesa koyamba kwa Mponda mu 1889 koma anachoka patapita zaka ziwiri, kuti a Montfort anatsegula Nzama mu 1901, ndipo a White Fathers anabwereranso mu 1902, n'kukhazika Mua, kenako Likuni ndi Kachebere. Likuni yomweyi imene timapitako kuchipatala ndi kukagula ndiwo.

Abusa sanabise zowawa, ndipo apa ndi pamene ndinawalemekeza. Anati musanaloze chala 1978 ya anzanu, dziwani kuti m'zaka zoyambirira za mishoni ya Blantyre amishoni ena ankakwapula anthu ngati boma, munthu mpaka kufa, ndipo nkhaniyo itamveka ku Scotland mu 1880 atsogoleri ake anachotsedwa. Dziwani kuti a Blantyre anadzoza abusa oyamba achikuda mu 1911, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, zaka 35 chiyambire mishoni, ndipo a Livingstonia anadikira mpaka 1914. Mmodzi mwa odzozedwa chaka chimenecho, Yesaya Zerenji Mwasi, anadzatuluka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wake chifukwa chotopa ndi kuponderezedwa. Dziwani kuti mpingo umene unatumiza amishoni a Nkhoma ndi womwewo umene ku South Africa unadzaikira kumbuyo tsankho la apartheid. Sananene izi pofuna kugwetsa aliyense mphwayi. Anthu omwewo anamanga sukulu ndi zipatala, ena anaikidwa m'manda kuno ali achinyamata, ndipo zonse ziwiri ndi zoona. Ine ndikuona kuti ichi ndi chifukwa chachikulu chimene mbiri yathu siimveka pa guwa. Ya mnzako imakoma kuifotokoza chifukwa siikukhudza. Yako ili ndi agogo ako, abusa amene anakubatiza, ndi mafunso amene akulu a mpingo safuna kuti achinyamata afunse.

Loweruka la John Chilembwe holo inadzaza. Tonse timamudziwa pa ndalama ndi pa tchuthi cha 15 January, koma ochepa ankamuganizira ngati m'busa wa Baptist, wophunzira wa mmishoni Joseph Booth, amene anapita ku America mu 1897, n'kukaphunzira ku Lynchburg, Virginia, n'kubwera kudzatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu, mu 1900. Abusa anatikumbutsa kuti Magomero amene anaukiridwa mu January 1915 ndi malo omwe aja a mishoni yoyamba ya 1861, amene pa nthawiyo anali atasanduka esiteti ya thangata. Tinakangana kwambiri ngati m'busa angatenge zida, ndipo abusa anatisiya tikangane mpaka tiyi anazizira. Anamaliza gawoli ndi kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, ndi mmene inatsegulira njira ya riferendamu ya 1993. Achinyamata obadwa pambuyo pake anamvetsera ngati akumva za dziko lina.

Tsopano zimene sizinandisangalatse. Abusa amaphunzitsa m'Chichewa chomveka bwino, koma mapepala onse ndi a Chingerezi, ndipo ena ndi fotokope ya fotokope, zilembo zosaoneka. Agogo a Seventh Day aja ankapita nawo kunyumba kuti adzukulu akawawerengere. Maphunziro onena kuti tidziwe za kwathu sayenera kupereka mapepala amene theka la ophunzira sangawerenge lokha. Ndinawauza abusa pamaso, ndipo anayankha kuti, "Mayi, mwanena zoona, koma wondithandiza kutaipa ndilibe." Ngati pali wachinyamata wa kompyuta amene akuwerenga izi, ntchito ndi imeneyo.

Chachiwiri, atsikana a Pentekosite aja anachitiridwa zosakwanira. Mipingo yawo ndi imene yadzaza Lilongwe lero, m'makalasi a sukulu ndi m'matenti, koma anapatsidwa mphindi zochepa chabe: William Seymour, Azusa Street ku Los Angeles, 1906, basi. A Seventh Day anangomva kuti mishoni yawo ya Malamulo inayamba mu 1902. Za Elliot Kamwana, mlaliki wa Watch Tower, ndi ubatizo wa anthu zikwizikwi ku Nkhata Bay zinatchulidwa mongodutsa, ndipo za kuletsedwa kwa Mboni za Yehova mu 1967, ndi mmene anthuwo anazunzidwira mpaka kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique, abusa anangozikhudza ndi chiganizo chimodzi. Anthu amene anaona zimenezo ndi maso akadali moyo m'midzi mwathu, ndipo funso lakuti Akhristu ena tinali kuti nthawi imeneyo ndi lathu tonse. Bambo wina anafunsanso za mkangano wa malire pakati pa Sinodi ya Nkhoma ndi ya Livingstonia, umene zotsatira zake timaziona m'tauni muno, matchalitchi awiri a CCAP kuyang'anizana. Abusa anati zimenezo n'za gawo lachiwiri. Ndidzawakumbutsa.

Chachitatu chimandikhudza ine mwini. Kuchotsa Perpetua ndi Felicity, amayi sanamveke. Chigwirizano, Mvano ndi Umanyano ndi magulu amene amanyamula mipingo yathu pa maliro, pa odwala ndi pa chopereka, koma mbiri yawo sinapatsidwe ngakhale theka la ola. Masisitere amene anatsegula zipatala ndi sukulu za atsikana sanatchulidwe. Mbiri ya abusa ndi mabishopu okhaokha ndi theka la mbiri.

Za malo, mabenchi alibe potsamira, choncho amene muli ndi vuto la msana tengani kampando kanu. Kwaya imaphunzira nyimbo m'chipinda choyandikana kuyambira 4 koloko, ndipo ola lomaliza muyenera kukhala kutsogolo kuti mumve, popeza mawu a abusa ndi otsika ndipo chimkuzamawu palibe. Nthawi yoyambira ndi 2 koloko, koma miyezi ya maukwati anthu amafika mochedwa ndipo abusa amawadikira, zimene zimalanga ofika msanga. Malo osiya ana palibe.

Kumapeto kwa gawo kumakhala ulendo wa ku Nkhoma, wolipira padera, gulu limasonkherana ya minibasi. Musauphonye. Kuima pansi pa phiri lija, kuona tchalitchi, chipatala ndi manda a amishoni ndi ana awo, abusa akuloza uku ndi uku ndi ndodo yawo, kumaphunzitsa kuposa mapepala onse aja. Akatolika apempha kuti ulendo wotsatira ukhale wa ku Mua, kumene kuli nyumba yosungiramo mbiri ndi chikhalidwe ya Kungoni, ndipo gulu lavomera.

Amene ndingawalimbikitse kwambiri ndi aphunzitsi a Sande sukulu ndi a kalasi, atsogoleri a achinyamata, ndi makolo amene ana awo ayamba kubwera ndi mafunso a pa foni. Amene mukufuna mfundo zokagonjetsera anyamata a malaya oyera pa geti mudzakhumudwa, chifukwa za a Mormon zimathera pa tsiku loyamba lomwelo. Gawo lachiwiri liyamba mvula ikatha. Tengani kope lalikulu, cholembera ndi Baibulo la mpingo wanu, ndipo ngati kwanu kuli agogo amene akukumbuka dzina la mphunzitsi woyamba wa m'mudzi mwanu, kawafunseni musanabwere, chifukwa abusa akulemba maina amenewo m'kaundula wawo ndipo amafunsa aliyense.